Amondi angachite bwino pa Lilongwe? Yankho la mlangizi

Bambo wina wa ku Mitundu anandiimitsa tsiku la msika atanyamula kapaketi ka mtedza wa amondi kamene mwana wawo anagula m'tauni. Mtengo umene unalembedwa pa paketipo ndi umene unawakopa. Funso lawo linali lakuti, "Alangizi, akuti mbewu imeneyi imakonda kouma. Nanga poti mvula ikutivuta chaka ndi chaka, bwanji osangodzala?" Mayi wina amene anali pambali anawonjeza kuti anamva zoti amondi wina amapha. Ndiyankhe onse awiri pano.

Bambo, ndi zoona kuti amondi ndi mtengo wa kouma. Kwawo ndi cha ku Iran ndi maiko oyandikana nawo, ndipo lero pafupifupi magawo 80 pa 100 a amondi yense wa pa dziko lapansi amachokera ku California, ku America. Ena amalima ku Spain ndi ku Australia. Koma kuuma kwa kumeneko n'kosiyana ndi kwathu. Iwo mvula imagwa nthawi yachisanu, ndipo pamene zipatso zikukhwima kumakhala dzuwa lokhalokha. Ife ndi zotembenuka, chisanu cha Juni ndi Julayi n'chouma, mvula n'kudzabwera kukutentha.

Taonani chimene chingachitike. Ku Australia, kumene nyengo zimayendera miyezi yofanana ndi yathu, amondi amachita maluwa mu Ogasiti n'kukololedwa cha mu Febuluwale ndi Malichi. Tsono Febuluwale wa pa Lilongwe mukumudziwa. Chipatso cha amondi chikakhwima khungu lake lakunja limang'ambika lokha kuti mtedza uume uli mumtengo. Mvula ikalowa pong'ambikapo, chotsatira ndi kuola ndi chuku, chuku chomwechi chimene chimatibwezetsa mtedza wathu pa sikelo.

Vuto lina ndi kuzizira. Mtengowu ndi m'bale wa pichesi, umayoyola masamba n'kugona, ndipo kuti udzuke ndi maluwa ambiri umafuna maola mazana angapo ozizira pansi pa madigiri 7. N'chifukwa chake mapichesi amachita bwino ku Dedza ndi ku Ntcheu kusiyana ndi kuno kuchidikha. Ngati pichesi wa pakhomo panu amangobereka tiwiri titatu, amondi sangapose pamenepo.

Musanamizidwenso kuti safuna madzi. Kupirira chilala amapirira, osafa, koma maso ake amatuluka ang'onoang'ono, ena okwinyika. Minda ya ku California n'njothirira, ndipo mu Febuluwale amatutira kumeneko ming'oma ya njuchi pa malole, chifukwa mtundu wawo wotchuka wa Nonpareil subereka pawokha. Umafuna mungu wa mtundu wina wodzalidwa mzere woyandikana. Ilipo mitundu yodzidalira, monga Guara wa ku Spain, Tuono wa ku Italy ndi Independence wa ku California. Zigoba zake zimasiyananso. Cha Nonpareil mumaswa ndi zala, pamene cha Marcona wa ku Spain mpaka mwala kapena nyundo, ndipo kulimbako kumathandiza kuti tizilombo tisaboole msanga.

Tibwere kwa inu mayi, chifukwa zimene munamvazo si bodza. Pali amondi wokoma ndi amondi wowawa. Wowawayo ali ndi mankhwala otchedwa amygdalin, amene akatafunidwa amatulutsa poizoni wa cyanide. Musadabwe nalo dzinalo, ndi poizoni yemweyo amene amachititsa anzathu a ku Nkhotakota kuviika chinangwa chowawa m'madzi masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole. Maso ochepa a amondi wowawa ndi okwana kuvulaza mwana. Wa m'sitolo ndi wokoma, mudye mosaopa. Koma ndicho chifukwa chimodzi chimene alimi ake sadzalira njere n'kungoisiya. Mtengo womera ku njere sutengera make ndendende, ndipo wina umatha kutuluka wowawa. Amamezanitsa, nthawi zambiri pa tsinde la pichesi. Ndipotu njere za m'paketi zija zambiri zinakazingidwa kapena kupyola mu nthunzi, ndipo zokazingazo sizingamere n'komwe.

Diso la amondi pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu ndi zomanga thupi. Mulinso vitamini E wambiri. Mafutawo ali pawiri makamaka, oleic ndi linoleic, ndipo wina akakwera mnzake amatsika. Mtundu wokhala ndi oleic wambiri umasungika nthawi yaitali usanayambe kununkha ndi kuwawa pakhosi, monga muja chimachitira chiponde chokhalitsa. Kuchuluka kwake kumatsata mtundu wa mtengo, komanso kumasintha ndi malo, kutentha ndi madzi a chaka chimenecho. Mtundu umodzi womwewo wodzalidwa m'maiko awiri sutulutsa mafuta ofanana. Ine pamenepa ndimangoseka, poti mtedza wathu wa CG7 umene timauona ngati wamba nayenso mafuta ake ndi pafupifupi theka, ndipo pa zomanga thupi mtedza wathu umaposako amondi pang'ono.

Ndiye bambo, munda wa mtedza musaukhudze. Ngati mtima ukufunabe mtengo wa ndalama, funsani za makademiya, amene akuchita kale bwino m'madera okwera monga Ntchisi ndi Thyolo, ngakhale nayenso amafuna chinyezi ndi kudikira zaka. Koma ngati n'chidwi chabe, sindingakuletseni kuyesa mitengo iwiri kapena itatu. Pezani mbande zomezanitsa za mtundu wodzidalira, mudzale pamtunda pamene madzi sadikha, osati kudambo, chifukwa mizu yake imaola msanga m'chinyontho. Muzithirira kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, muziyang'anira chiswe patsinde. Kubereka ndi chaka chachitatu kapena chachinayi. Ikadzachita maluwa mudzandiitane, nanenso ndikufuna kudzaona ndi maso anga.