Ku Nyika kapena kuchigwa cha Shire? Yankho kwa mayi wa ku Area 25

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera imelo. Akuti ali ndi tchuthi mu Okutobala, ana ake awiri sanaonepo njovu ndi maso, ndiye akufunsa: apite ku Nyika kapena kumusi kwa mtsinje wa Shire?

Mayi, ngati nkhani ndi njovu komanso mwezi ndi umenewo, lowerani kumwera. Mu Okutobala tchire limakhala litauma gwaa, masamba a tsanya atayoyoka, madambo ataphwa, choncho nyama zonse zimathamangira kumtsinje. Ku Liwonde mukangokwera boti madzulo, mvuu zimatulutsa mphuno pafupi nanu, ng'ona zili gonegone pamchenga kukamwa yasaa, njovu zikutsetserekera kumadzi ndi tiana tawo pakati. Njovu zinachulukana kumeneko mpaka mu 2016 ndi 2017 bungwe losamalira nkhalango za nyama la African Parks linasamutsa pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete kupita nazo ku Nkhotakota. Kuchokera kuno ku Lilongwe, kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Balaka, mukanyamuka m'mamawa nkhomaliro mukadyera komweko.

Majete, ku Chikwawa, ndi kutaliko pang'ono. Opha nyama mozembera anali atapululiratu malowa, koma African Parks itayamba kuwayang'anira mu 2003 inabweretsamo zipembere, kenako njovu mu 2006 ndi mikango mu 2012. Lero mungathe kuona mkango, kambuku, njati, njovu ndi chipembere m'nkhalango imodzi, ngakhale kambuku ndi chipembere amafuna mwayi. Koma kutentha kwa ku Chikwawa mwezi umenewo si kwamasewera. Muzituluka mbandakucha ndi madzulo, masana dzuwa likamaswa mtengo ana akhale pamthunzi. Udzudzu nawonso ndi wosayamba, masikito musasiye.

Nyika ndimaikonda, komatu ndi ya munthu wofuna zina. Ndi paki yoyamba m'dziko muno, ya mu 1965, ndiponso yaikulu kuposa onse. Mbali yaikulu ili pamtunda wopitirira mamita 2,000, mapiri a udzu okhaokha ndi timagulu ta nkhalango zowirira m'makwawa. Mumaona mbidzi, ntchefu ndi chilembwe patalipatali popanda chotchinga, ndipo mungathe kuyenda pansi ndi wokutsogolerani. Njovu zilipo koma zimakonda kumunsi, musazidalire. Nyengo ya dzinja maluwa amachita kuti waa paliponse, pomwe mu Juni ndi Julaye ku Chelinda, komwe kuli malo ogona alendo m'pakiyi, kumagwa chisanu choti udzu umayera m'mawa. Vuto ndi ulendo: tsiku lathunthu kudzera ku Kasungu, Mzuzu ndi Rumphi, kenako msewu wafumbi wolowera pageti la Thazima, womwe kagalimoto kotsika sikangaupirire. Ana aang'ono amafika atatheratu.

Ndiye chaka chino pitani ku Liwonde, mugoneko masiku awiri. Malo ogona musungitsiretu, ndipo musaiwale chiphaso cha unzika, chifukwa ife Amalawi timalipira ndalama yocheperapo pageti kusiyana ndi alendo akunja.