Ndikugulitsa laputopu: kodi kufufuta history n'kokwanira?

FUNSO: Akonzi, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare ndipo ndikufuna kugulitsa laputopu yanga m'tauni kuti ndipeze fizi ya mwana. Pa makinawa ndakhala ndikulowa mu akaunti ya kubanki, kutumiza ndalama kwa amayi ku Dedza komanso kuwerenga makalata pa Gmail. Alamu anga akuti ndikangofufuta history ndiye kuti zonse zatha. Kodi n'zoona? Ine, mayi wa ku Mufakose.

YANKHO: Mayi, alamu anuwo anena mbali yochepa chabe ya nkhaniyi. History ndi mndandanda wa masamba amene munatsegula, ndipo wogulayo akauona angodziwa kumene munkayenda pa intaneti. Choopsa kwambiri ndi ma cookie, timafayilo tating'ono timene masamba amasiya pa kompyuta, chifukwa ena mwa iwo amakhala ngati chiphaso chotsimikiza kuti munalowa kale, moti munthu wachilendo angathe kutsegula Gmail yanu popanda kufunsidwa pasiwedi.

Choyamba, pa browser (pulogalamu yotsegulira intaneti, monga Chrome) zimitsani Sync, imene imalumikiza zimene zili pa browser ya laputopu ndi ya pa foni yanu, ndi kutuluka mu akaunti ya Google. Mukapanda kutero, zimene mungafufute pa laputopu zidzafufutikanso pa foni yanu, ndipo ambiri amazindikira zimenezi madzi atafika kale m'khosi. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Delete nthawi imodzi. Mabatani atatuwa amagwira ntchito pa Chrome, Edge ndi Firefox. Pa kabokosi kamene katuluke, musasiye nthawi ili pa ola limodzi lapitalo, koma sankhani All time, kapena Everything ngati muli pa Firefox, ndipo chongani history, cookies ndi cache (zidutswa za masamba zimene browser imasunga). Mapasiwedi amene browser inasunga muwachotse paokha, ndipo musaiwale foda ya Downloads, mmene masitetimenti a kubanki amatsalira ngakhale mndandanda wake utafufutidwa.

Komabe kufufuta kotereku kumangochotsa dzina la fayilo m'kaundula wa makina, pamene zolembedwazo zimatha kukhalabe pa hard disk, chipangizo chosungira mafayilo m'kompyuta, mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, ndipo akatswiri okonza makompyuta ali ndi mapulogalamu ozibwezera. Poti makinawa akupita m'manja mwa munthu amene simukumudziwa, ine ndingakulangizeni kuti musamutsire zithunzi ndi makalata anu pa flash, kenako pa Windows 10 kapena 11 musankhe Reset this PC, Remove everything, ndi kuyatsa Clean data pansi pa Change settings kuti mafayilowo avute kubwezera. Ntchitoyi ingatenge maola angapo, choncho muiyambe batire lili lodzaza komanso pa nthawi imene magetsi sakonda kuthima kwanuko, chifukwa ikadukira pakati makina akhoza kukana kuyaka bwino.

Mukamaliza, tsegulani akaunti ya Google pa foni, pitani pa Security ndi Your devices, mutulutse laputopuyo pa mndandandawo, ndipo musinthe pasiwedi ya kubanki musanakwere kombi yopita m'tauni.