Kwa achemwali amene apongozi akukutchulani chumba

Achemwali, mwafunsa ngati mupitirize kumwa mankhwala a sing'anga, popeza zaka 4 zatha m'banja mulibe mwana ndipo apongozi ayamba kukutchulani chumba. Ine ndinadutsamo. Mwezi uliwonse ndikangoona msambo, ndinkadzitsekera m'bafa n'kulira mwakachetechete, kenako n'kusukusula kupita kukaphika nsima ngati palibe chachitika. Mnzanga akachira ndinkanyamula chitenje ndi sopo kukamuona, ndikumwetulira, koma pobwerera mu minibasi misozi ili mbwembwembwe.

Koma ndikufunseni: amuna anu anayezedwapo? M'mabanja ovutika kubereka, pafupifupi theka lake vuto limakhudzanso bambo. Kuyeza umuna si nkhani yovuta, amangodziletsa masiku 2 mpaka 7 asanakapereke. Kwathu vuto linapezeka kwa bambo a kunyumba, ine nditamwa kale mizu yowawa kwa zaka zambiri ndekhandekha. Zinandipweteka, sindinama.

Kwa ife amayi, kawirikawiri amakhala machubu odutsamo mazira otsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana monga chinzonono, mwinanso likodzo kwa amene tinakulira kunyanja. Muzu sungatsegule chubu chotsekeka. Ndipo simuli nokha: mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vuto lovutika kubereka pa moyo wake.

Muwanyengerere amuna anu pa nthawi yabwino, osati pokangana, mupitire limodzi kwa dokotala wa amayi. Za apongozizo, aziwayankha ndi mwana wawo, inu musamalimbane nawo.