Mtengo mwauona ku Hyde Park uja, musathamangire kuutolera njere

Achemwali, ndaona funso lanu lija loti mtengo wa nthambi zogwera pansi umene munajambula ku Hyde Park, paki ya ku London, ungamere pakhomo panu ku Leicester, komanso ngati mungatenge njere zake kukabzala pa pulote yanu ku Zomba. Ndagwira ntchito ya m'magadeni kuno ku England kwa zaka zingapo, ndiye ndiyankhe motalikirapo.

Mtengowo ndi weeping beech, ku nazale amaulemba Fagus sylvatica 'Pendula'. Ku Hyde Park anthu amangoutcha upside-down tree, chifukwa nthambi zake zimatsika mpaka kukhudza dothi, ukalowa mkati umakhala ngati uli m'kanyumba ka masamba. Unayamba kugulitsidwa ku England kuno cha m'ma 1836, ndipo ina yakalekale inafika mpaka ku America, monga uja unabzalidwa ku Flushing, New York mu 1847 n'kukhala zaka pafupifupi 150.

Nkhani ya njere tiithetse kaye. Kugwera pansi kwa nthambiko nthawi zambiri sikudutsira m'njere. Mukabzala njere, kawirikawiri mumapeza beech wamba woima chilili. Mitengo imene amagulitsa ija ndi yomezanitsa, monga timachitira ndi mango kumudzi: pansi ndi tsinde la beech wamba, pamwamba ndi kanthambi ka wogwera pansi uja. Mukayang'anitsitsa thunthu mudzaona chotupa pamene anamezanitsira. Mphukira iliyonse yotuluka kumunsi kwa chotupacho muzidula msanga, apo ayi imakula molunjika kumwamba n'kuulanda mtengo wonse. Ndinaziona pa nyumba ina: eni ake anasiya mphukira imodzi zaka zinayi, ndinakapeza mtengo theka ukugwera pansi, theka ukuthamangira kumwamba ngati bulugamu.

Ku Leicester umera bwino, koma funso ndi malo. Wa masamba obiriwira, ngati wa ku Hyde Park uja, amakula pang'onopang'ono, komabe akakhwima amatha kupitirira mamita 15, ndipo m'mbali amatambasuka chimodzimodzi. Kagadeni ka kuseri kwa nyumba zathu zogundanazi sikangamukwane, mudzangodana ndi aneba. Funsani wotchedwa 'Purpurea Pendula', wa masamba ofiirira, amene amathera pa mamita atatu kapena asanu n'kukhala ngati bowa wamkulu. Pali winanso 'Purple Fountain', wowonda, wosadya malo. Bzalani pakati pa Novembala ndi Malichi mtengo ukayoyola masamba. Dothi lisakhale lodikha madzi, beech amadana nazo zimenezo. Mizu yake imayenda pamwambamwamba, ndiye osakumba pansi pake, ingophimbirani ndi manyowa kapena makungwa, ndipo kapinga musamuyembekezere pamenepo. Zaka ziwiri zoyamba muzithirira kukauma. Agologolo otuwa aja nawonso ndi adani, amasenda makungwa.

Koma ku Zomba ayi, achemwali. Mtengowu umafuna miyezi ya chisanu chenicheni kuti ugone, udzadzuke ndi masamba atsopano. Kuzizira kwathu kwa Juni ndi Julaye, ngakhale pamwamba pa phiri, sikofanana ndi kwa kuno. Makungwa ake ndi opyapyala, dzuwa la Okutobala lingawawaule, chiswe n'kumaliza. Komanso kunyamula njere kapena mbande kudutsa nazo pa bwalo la ndege kumafuna chilolezo cha a zaulimi. Mungovutika chabe.

Chimene mukufuna ndi maonekedwe aja, ndipo kwathu mitengo yotero ilipo kale. Ine ndimaika patsogolo bottlebrush wogwera pansi, Callistemon viminalis, wochokera ku Australia. Mwauonapo ndithu m'mipanda ya ku Blantyre ndi Lilongwe, maluwa ofiira ngati burashi yotsukira botolo, timbalame ta songwe tikusinthana pamenepo m'mawa. Umapirira chilala ukagwira, ndipo sukula mopitirira muyezo. Wachiwiri ndi mabulosi ogwera pansi, nawonso omezanitsa pa tsinde lalitali ngati munthu. Amapanga kaambulera kamene ana amakonda kubisalamo. Ashoka uja wowonda, masamba olendewera, ndi wabwino m'mbali mwa mpanda, ngakhale kwa ine wachuluka kale m'matauni.

Msondodzi wogwera pansi, Salix babylonica, wochokera ku China, ndi wokongola pafupi ndi dambo, ndipo kanthambi kokha mukazika pa chinyontho kamamera. Koma mizu yake imanunkhiza madzi. Mlamu wanga anaubzala pafupi ndi thanki ya chimbudzi, patapita zaka zisanu anakumba mapaipi onse, mizu itadzaza mkati ngati tsitsi. Ku South Africa wafalikira wokha m'mitsinje mpaka kusanduka vuto. Ngati pulote ndi yaing'ono, usiyeni.

Chenjezo lina mukamafunsa ku nazale: dzina loti weeping limasocheretsa. Weeping boer-bean nthambi zake sizigwera pansi, amangoutcha choncho chifukwa maluwa ake amadontha timadzi totsekemera. Mukaimika galimoto pansi pake mudzaipeza ikunata.

Tiuzeni kukula kwa gadeni ya ku Leicester ija m'mamita, ndi mbali imene dzuwa limawomba masana, tione ngati 'Purple Fountain' angakwanemo.