Yankho kwa achimwene a ku Rosettenville, ku Johannesburg, pa za mlandu wa mowa ndi PrDP

Achimwene, mwafunsa ngati mlandu woyendetsa galimoto mutamwa, umene khoti linakupezani nawo olakwa mu 2022, ungakulepheretseni kupeza PrDP (Professional Driving Permit), chilolezo chonyamulira anthu pa takisi kapena Bolt (galimoto zoitanitsa pa foni). Pepani, ungathe ndithu.

Malamulo a ku South Africa a pansi pa National Road Traffic Act ya 1996 amayang'ana zaka zisanu zapitazo kuchokera tsiku lofunsira. Ngati m'zakazo munapezeka olakwa pa kuyendetsa mutaledzera, kuyendetsa mosasamala moika miyoyo pachiswe, kapena pa mlandu wachiwawa, ku ofesi ya malaisensi akukanizani. Chimene chimagwetsa ambiri n'chakuti ngakhale faindi yovomera kulakwa pa milandu imeneyi, ija munthu amalipira msangamsanga kupolisi kuti akagone kwawo, imawerengedwanso. Matikiti wamba a kamera ndi nkhani ina.

Musayese kubisa. Amakudindani zala, ndipo zonse zimatuluka. Ine ndinaimapo pamzere ndi bambo wina atagwira envelopu ya zithunzi ndi kalata ya dokotala, akuti "zinatha kale zija". Anabwerera chimanjamanja, ndalama atalipira kale, ndipo zinandiwawa.

Njira ilipo: mungapemphe kuti pempho lanu lipite kwa MEC (nduna ya boma la chigawo) woona za mayendedwe m'chigawo cha Gauteng, amene angaganizirenso. Lembani zoona zokhazokha, muikepo mapepala a kukhoti ndi makalata a abwana anu. Apo ayi, dikirani zaka zisanuzo zikwane mu 2027.

Mukadzaipeza PrDP, dziwani kuti malire a mowa m'magazi kwa dalaivala wa PrDP ndi magalamu 0.02 pa mamililita 100 a magazi, osati 0.05 ngati ena onse. Botolo limodzi lingakupitirizeni.