Tidatchetcha lantana, waphukanso: tisiye?

FUNSO: Zikomo achimwene. Ndine mayi wa ku Malingunde, ndili mu komiti yosamalira nkhalango ya m'mudzi mwathu. Mu Julaye tidasonkhana anthu 12, popanda malipiro, kukatchetcha zitsamba zaminga zija za maluwa ofiira ndi achikasu, zimene alangizi amati lantana. Tidaunjika n'kutentha. Mvula itangogwa zaphukanso, zawirira kuposa kale. Anzanga afooka, akuti bola kukagwira ganyu. Apongozi anga nawo akuti tikuononga, poti chomera chilichonse ndi nkhalango basi. Tipitirize?

YANKHO: Pitirizani mayi, koma ulendo uno munyamule makasu. Chikwanje ntchito yake ndi kungotsegula njira kuti mufike pa tsinde. Lantana mukamudula pamwamba ndiye kuti mwangomutengulira: chitsa chimodzi chimatulutsa mphukira zambirimbiri. Moto wanu uja nawo udapsereza timitengo tachilengedwe timene tidali pafupi, iye mizu yake ili phee pansi kudikira mvula.

Ine ndidalakwitsa chimodzimodzi m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Ndidapita nditavala malaya a manja aafupi, ndikubwera mikono yonse ili mikwingwirima, kuyabwa mpaka usiku. Patapita miyezi iwiri malo amene tidadzitama nawo aja adali biriwiri ngati sitidapondepo.

Apongozi anu musawatsutse mwamwano, chifukwa mbali ina akunena zoona: nthaka yosiyidwa pambalambanda imakokoloka. Koma atengeni mukawerame nawo pansi pa chitsamba chimodzi, aone ngati mukumera kamsuku kapena kamombo. Mumakhala mdima ndi masamba ouma okhaokha. Lantana kwawo ndi ku America, cha pakati ndi kumwera. Adafalikira m'maiko ambiri ngati duwa lokongoletsa pakhomo ndi mpanda, kenaka mbalame zidayamba kudya tizipatso take takuda n'kumwaza nthangala paliponse. Ng'ombe ikadya masamba ake chiwindi chimaonongeka, khungu n'kumasupuka ndi dzuwa, makamaka pamene pali ubweya woyera. Ngati apongozi ali ndi khola, mfundo imeneyi aimva msanga kuposa zonse. Ana nawonso asamadye zipatso zake, makamaka zosapsa.

Nthawi yabwino yozula ndi Januwale ndi Febuluwale, dothi lili lofewa. Ndikudziwa, ndi nthawi imene aliyense ali kumunda ndipo m'nkhokwe mulibe kanthu, choncho musapemphe anthu sabata yathunthu. M'mawa umodzi pa sabata ukwanira. Musayambire pamene pawirira kwambiri, mudzatopa musanaone chimene mwachita. Yambirani kumene lantana ali wapatalipatali pakati pa mitengo yabwino, muzisunthira pang'onopang'ono kumene wadzaza. Dulani nthambi, kumbani mozungulira, chitsa chituluke ndi mutu wake wonse. Chigonekeni mizu ikuloza kumwamba kapena chikolekeni pa mphanda ya mtengo, chifukwa nthambi yaiwisi ikagona pa dothi lonyowa imagwiranso. Timbande tating'ono timazuka ndi dzanja.

Mudzabwereranso ndithu, chaka chino ndi chamawa, popeza nthangala zili kale m'dothi. Auzeni anzanu zimenezi poyera kuti asadzayese kuti alephera. Ulendo wachiwiri umapepuka, ngakhale ana asukulu amautha.

Pa zodzala musathamange. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, komabe yambani mwaona zimene ziphuke zokha kuwala kukalowa. Msuku, muwanga kapena mlombwa wophuka pa muzu wakale umalimba kuposa mbande ya m'chubu. Pokhapo pamene pali mbee ndi pamene mudzalepo, ndipo m'mphepete mwa mtsinje zulani chigawochigawo kuti gombe lisagumuke. Madzi ochokera ku Dzalanyama amene amaima m'madamu a Kamuzu kwanuko ndi omwe timatunga pa mpopi ku Kawale kuno, ndiye dothi lanu likatsetsereka timamwa matope ndife.

Ngati lantana walowa mpaka ku manda, musalowe ndi khasu musanagwade kwa amfumu. Ndipo valani magambuti, m'zitsamba zoterezi mumabisala njoka.