Fayilo yopita nayo ku intavyu ya uphunzitsi

Madamu, mwati mwangomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi wa ku pulayimale (IPTE) ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu TTC ndipo mukufuna kudziwa zoika mufayilo yopita nayo ku intavyu. Langizo langa ndi lakuti musavutike kulembanso zinthu zatsopano kuti zioneke zoyera. Tengani zomwe munkagwiritsa ntchito pa TP zija, nthawi yoyeserera kuphunzitsa ija, ngakhale zili ndi inki yofiira ya amentala, aphunzitsi omwe ankakuyang'anirani. Inki imeneyo ndi umboni woti munaimadi kutsogolo kwa ana.

Kutsogolo kukhale satifiketi ya MSCE, ya uphunzitsi yochokera ku MANEB, chiphaso cha unzika, ndi pepala losonyeza kuti munalembetsa ku bungwe loyang'anira aphunzitsi la Teachers Council of Malawi. Mafotokope ake mukadinditse ku khoti, zenizenizo muzisunge pazokha m'thumba la pulasitiki. Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa mofanana pa mapepala onse. Pakasiyana chilembo chimodzi, yambani kukonzetsa lero.

Pamene pagona nkhani ndi pa ntchito ya m'kalasi. Ikani sikimu (ndondomeko ya zophunzitsa) ya teremu imodzi ndi malesoni pulani ochepa, osati mulu wonse ayi. Sankhani aja munalemba kumapeto kwake zomwe zinayenda ndi zomwe zinavuta. Mwachitsanzo, ngati ana a Sitandade 2 anasokoneza "b" ndi "d", ndiye mawa lake munabwera ndi makadi odula pa katoni n'kubwerezanso phunzirolo, mapepala awiriwo akhale moyandikana. Kaya ofunsawo ndi a Teaching Service Commission, bungwe lolemba aphunzitsi ntchito m'boma, kaya ndi a sukulu yoyima payokha, mphunzitsi amene amaona pomwe mwana wakakamira n'kusintha kaphunzitsidwe ndi amene ndingamulembe nditakhala ine.

Za TALULAR, zipangizo zophunzitsira zopangidwa ndi zinthu zopezeka pafupi zija, musanyamule thumba lonse. Jambulani zitsekerero za mabotolo zowerengera zija, timitengo tomanga m'mitolo ya khumikhumi, matchati olemba pa matumba a ufa, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse mulembe kalasi ndi phunziro lake. Chonde nkhope za ana zisaoneke, ndipo mukaika tsamba la mamalikisi, mayina awo muwaphimbe. Anawo ndi a eni ake.

China chomwe ambiri amachisiya: kuno ku Kasungu ana ena amajomba nyengo yothyola ndi kusoka fodya. Ngati munayenderapo makolo, kapena munagwira ntchito ndi amayi a mother group, gulu lolimbikitsa ana kupita kusukulu, kuti mwana abwerere kusukulu, lembani zimenezo mwachidule, theka la tsamba basi. Musawonjezere zomwe simunachite, chifukwa akakufunsani mozama mudzasowa chonena.

Fayiloyo mwina sadzaipempha n'komwe, koma muidziwe bwino kuti akakufunsani za kalasi yodzaza ana mudzangotsegula tsamba lake n'kufotokoza. Yesererani ndi mnzanu, iye azikufunsani m'Chingerezi.

Kalata ya ahedi a sukulu yomwe munachitira TP, yokhala ndi chidindo, mukaitenge sabata ino. Ahedi amasamutsidwa, ndipo wobwera kumeneyo sangakulembereni umboni asanakuoneni mukuphunzitsa.